Kuyeza Chosaoneka: Mbiri ya Seleniyamu ndi Mafunde a Rada

Mbiri imeneyi inayambira pa matope otsalira m'fakitale. M'chaka cha 1817, ku Gripsholm m'dziko la Sweden kunali fakitale yopanga asidi wa sulufule, ndipo mmodzi mwa eni ake anali Jöns Jacob Berzelius, katswiri wa kemisitiri amene dzina lake linali litamveka kale ku Ulaya konse. Miyala imene ankaotcha kuti apeze sulufuleyo inkachokera ku mgodi wakalekale wa mkuwa wa ku Falun. Asidi akapangidwa, pansi pa zipinda za mtovu pankatsala matope ofiirira, ndipo akawaotcha ankatulutsa fungo lolasa m'mphuno. Berzelius ndi mnzake Johan Gottlieb Gahn poyamba anati fungolo ndi la teluriyamu, chinthu chimene chinali chitadziwika kale, chimene dzina lake linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza dziko lapansi. Koma Berzelius sanali munthu wokhutira msanga. Anabwerera ku matopewo, nawasungunula, nawasefa, mpaka anatsimikiza kuti teluriyamu mulibe. Chimene chinalimo chinali chinthu chatsopano, chofanana ndi sulufule mbali ina, chofanana ndi teluriyamu mbali ina. Popeza mbale wake anali atatenga kale dzina la dziko, iye anachipatsa dzina la mwezi, Selene m'Chigiriki. Ndiye seleniyamu ameneyu.

Mlendoyo sanachedwe kuonetsa khalidwe lake. Berzelius atapanga mpweya wa seleniyamu wolumikizana ndi haidrojeni, anaununkhiza pang'ono chabe, ndipo kwa maola angapo mphuno zake sizinamve fungo lililonse. Chimfine chimene chinatsatira chinamuzunza masiku ambiri. Kuyambira pamenepo seleniyamu anatchuka ndi kununkha. Anthu ogwira naye ntchito ankatuluka mpweya wa adyo m'kamwa ngakhale adyoyo sanadye, ndipo akatswiri ambiri ankangomulambalala. Koma amene anapirira anapeza zodabwitsa. Mu 1873 Willoughby Smith, akuyesa mawaya a telegalamu odutsa pansi pa nyanja, anaona kuti seleniyamu amadutsitsa magetsi bwino kukawala kusiyana ndi kukada. Zaka khumi pambuyo pake Charles Fritts anapanga naye kachipangizo kotulutsa magetsi kuchokera ku dzuwa, gogo wa masola amene tikuwaona pa madenga lero.

Zochita za seleniyamu zinali zikudziwika, koma maonekedwe a mamolekyulu ake ayi. Mu 1829 Johann Döbereiner anali ataona kale kuti sulufule, seleniyamu ndi teluriyamu ndi ana a nyumba imodzi, ndipo Mendeleev atakonza tebulo lake mu 1869 anawaika pamzere umodzi ndi okosijeni, mkulu wa banjalo. Akatswiri ankajambula papepala atomu ya seleniyamu itagwirana manja ndi maatomu awiri a haidrojeni, monga ankajambulira madzi. Koma mkono uliwonse ndi wautali bwanji? Mikono iwiriyo yatambasuka motani? Palibe maso kapena galasi lokulitsa zinthu limene likanayankha. Ngakhale njira za X-ray zitabwera, atomu ya haidrojeni inkavuta kuipeza, chifukwa ndi yopepuka kwambiri ikaima pafupi ndi atomu yolemera ngati ya seleniyamu.

Yankho linabisala mu kuzungulira. Molekyulu ikakhala mu mpweya, yopanda choipanikiza, imazungulira ngati nguli. Mu 1912 Niels Bjerrum wa ku Denmark ananena kuti kuzungulira kumeneku sikuchitika pa liwiro lililonse limene molekyulu ingafune. Kuli ndi makwerero ake, ndipo molekyulu imadumpha kuchoka pa sitepe ina kufika pa ina. Kuti idumphe, imameza mafunde a mphamvu yokwanira sitepe imeneyo ndendende, osapitirira, osapereweza. Tsono kutalikirana kwa masitepewo kumadalira zinthu ziwiri: kulemera kwa maatomu ndi malo amene atomu iliyonse yakhala. Mangani miyala iwiri kumapeto a ndodo, muigwire pakati n'kuipota. Ndodo ikatalika, kapena miyala ikalemera, kupotako kumavuta. Munthu wodziwa kulemera kwa miyalayo, akayeza mphamvu imene kupotako kwafuna, angakuuzeni utali wa ndodo asanaione n'komwe. Luso lonse limene pa Chingerezi amalitcha rotational spectroscopy lagona pamenepa. Lili ndi lamulo limodzi lokha losaphwanyika: molekyulu ikhale ndi mbali ina yolemerera magetsi kusiyana ndi inzake, kuti mafunde apeze pogwira.

Mu 1925 Marianus Czerny ku Germany anayeza kuzungulira kwa molekyulu yopepuka ya haidrojeni ndi kolorini. Koma mamolekyulu olemera amazungulira pang'onopang'ono, ndipo amafuna mafunde otalika pafupifupi sentimita imodzi, amene panthawiyo panalibe chipangizo chowatulutsa bwino. Mu 1934 Claud Cleeton ndi Neil Williams a ku Yunivesite ya Michigan anadzipangira okha chipangizo chotero, naona mpweya wa amoniya ukumeza mafunde otalika sentimita imodzi ndi pang'ono. Ntchitoyo inakhala ngati mbewu yogwera m'nthaka youma: inadikira mvula zaka zoposa khumi.

Mvulayo inabwera ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Britain ndi America anathira chuma chosaneneka pa rada, chipangizo choona ndege ndi sitima za adani mumdima. Ku Radiation Laboratory ya ku MIT kunasonkhana akatswiri a fizikisi ochuluka zedi. Anayamba ndi mafunde a masentimita 10, natsika kufika pa 3, kenako anafuna a masentimita 1.25 kuti chithunzi chizioneka bwino koposa. Apa ndi pamene anapunthwa. Nthunzi ya madzi imene ili mumlengalenga imameza mafunde a masentimita 1.35, pafupi kwambiri ndi amene anasankhawo, ndipo kumadera achinyontho rada yatsopanoyo sinkaona patali. Charles Townes, amene ankagwira ntchito ya rada ku Bell Laboratories, anali atachenjezapo za vutoli. Chimene chinapha rada ija chinali kuzungulira kwa molekyulu ya madzi. Kwa asilikali kunali kutaya ndalama. Kwa Townes ndi anzake unali umboni woti m'manja mwawo muli chida choyezera mamolekyulu.

Nkhondo itatha mu 1945, zida za rada zinangoti mbwee m'nkhokwe, zotsika mtengo, ndipo akatswiri aja anabalalika nazo monga anthu osamuka amanyamulira moto wa kwawo. Walter Gordy anapita ku Yunivesite ya Duke. Townes anasamukira ku Columbia mu 1948. Malcolm Strandberg anatsala ku MIT, E. Bright Wilson anali ku Harvard, ndipo ku Oxford kunali Brebis Bleaney. Chipangizo chawo chinali paipi yachitsulo ya mamita angapo, yochotsedwa mpweya wonse n'kulowetsamo kampweya pang'ono ka chinthu choyezedwacho. Kumapeto kwina kunali chubu chotchedwa klystron chotulutsa mafunde, kumapeto kwinako kunali kachipangizo kowalandira. Munthu ankapotokola pang'onopang'ono, monga timafunira siteshoni pa wailesi, mpaka mafunde atachepa mwadzidzidzi. Pamenepo ndiye kuti molekyulu yameza, ndipo papepala pankaoneka mzere. Mawailesi athu a FM amamveka pakati pa mamegahetsi 88 ndi 108. Anthu awa ankasaka pa mamegahetsi 24,000. Mu 1947 Richard Hughes ndi Wilson anapeza njira yoyatsa ndi kuzimitsa mphamvu ya magetsi mkati mwa paipiyo, zimene zinachititsa kuti mizere yofooka ionekere poyera.

Imodzi mwa mamolekyulu oyamba kuyezedwa inali OCS, yokhala ndi okosijeni, kaboni ndi sulufule pamzere woongoka. Sipanatenge nthawi kuti wina aganize za mng'ono wake. Mu 1949 Strandberg, Wentink ndi Hill ku MIT anafalitsa zimene anapeza pa OCSe, pomwe seleniyamu walowa m'malo mwa sulufule. Apa ndi pamene seleniyamu, wonyozeka uja, anaonetsa mphatso imene ine ndimaiona kuti ndiyo mtima wa mbiri yonseyi. Pamene munthu akanayembekeza mzere umodzi, pankaoneka gulu la mizere isanu ndi umodzi yondondozana.

Chifukwa chake n'chakuti seleniyamu wa m'chilengedwe si wa kulemera kumodzi. Atomu iliyonse ili ndi mapulotoni 34, koma manyutuloni amasiyana, ndipo pali mitundu isanu ndi umodzi, imene akatswiri amaitcha maaisotopu: 74, 76, 77, 78, 80 ndi 82. Pafupifupi theka la maatomu onse ndi a 80, pafupifupi limodzi mwa magawo anayi ndi a 78, atatu ena ali pakati pa 7 ndi 10 pa 100 alionse, pomwe a 74 safika ngakhale 1 pa 100. Woimba ng'oma amadziwa kuti akamata phula pakati pa chikopa, ng'oma ikhala yomweyo, kukula kwake komweko, koma liwu limatsika. Aisotopu yolemera imachita chimodzimodzi: molekyulu sisintha maonekedwe, koma imazungulira mochedwerapo, ndipo mzere wake umatsika pang'ono.

Ubwino wake uli apa. Molekyulu ya OCSe ili ndi mitunda iwiri yosadziwika, wa pakati pa okosijeni ndi kaboni ndi wa pakati pa kaboni ndi seleniyamu. Muyezo umodzi umapereka nambala imodzi, ndipo nambala imodzi singamasule zosadziwika ziwiri. Pamafunika muyezo wina wa molekyulu yomweyo yokhala ndi atomu imodzi yosinthidwa kulemera. Kwa maatomu ena, monga fulorini ndi fosiforasi, chilengedwe chinapereka mtundu umodzi wokha, ndipo palibe chosintha. Kwa ena, monga okosijeni, aisotopu yachiwiri ndi yosowa, yoti aigule pa mtengo wokwera. Seleniyamu amabwera ndi isanu ndi umodzi m'botolo limodzi, yaulere. Powonjezera apo mizere yake ndi yoyera, yosagawikagawika monga ya kolorini kapena buromini. Zotsatira zinasonyeza kuti kuchoka pa okosijeni kufika pa kaboni ndi mapikomita 116, ndipo kuchoka pa kaboni kufika pa seleniyamu ndi mapikomita 171. Pikomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a milimita.

Townes, pokhala munthu wa fizikisi, anatembenuza funso. Ngati kulemera kumatiuza mtunda, ndiye kuti mtunda ukadziwika ungatiuze kulemera. Mu 1950 iye, Geschwind ndi Minden anagwiritsa ntchito mizere ya OCSe ngati sikelo yoyezera maaisotopu a seleniyamu. Mu 1953 gulu la akatswiri a ku Columbia, ku MIT ndi ku Oak Ridge linayeza ngakhale khalidwe la phata la seleniyamu 79, aisotopu yotulutsa cheza, ndi molekyulu yomweyi. Chaka chomwecho Jerome Kraitchman anafalitsa masamu osonyeza malo enieni a atomu iliyonse imene yasinthidwa kulemera, ndipo mu 1958 Cecil Costain ku Ottawa anaikonza njirayo kukhala imene akatswiri akuitsatirabe. Tisabise kuti mphatso ya seleniyamu ili ndi msampha wake. Pokhala wolemera kuposa anzake, nthawi zambiri amakhala pafupi ndi pakatikati pomwe molekyulu imazungulirira, ndipo atomu yokhala pamenepo imavuta kuiloza molondola, monga mwala womangidwa pakati pa ndodo ija sungasinthe kwenikweni kapotedwe kake. Komanso maatomu saima chilili. Amanjenjemera nthawi zonse, choncho mtunda uliwonse umafuna kukonzedwa ndi masamu ena.

Tsopano tibwerere ku mpweya umene unatseka mphuno za Berzelius. Molekyulu ya H2Se ndi yopepuka pozungulira, chifukwa amene amayenda mtunda ndi maatomu awiri a haidrojeni, seleniyamu atakhala pakati ngati mfumu. Mizere yake yambiri ili pa mafunde afupiafupi a mamilimita, ndipo amene anali katswiri wa mafunde amenewo ndi Gordy ku Duke. Mu 1956 Jache, Moser ndi Gordy analengeza kuti mkono uliwonse ndi wa mapikomita 146, ndipo mikono iwiriyo yatambasuka madigiri 91. Nambala imeneyi iyenera kuikidwa pambali pa za abale ake kuti imveke. M'madzi mkono ndi mapikomita 96 ndipo ngodya ndi madigiri 104.5. Mu H2S, mpweya wa fungo la dzira lovunda, mkono ndi mapikomita 134 ndipo ngodya ndi madigiri 92. Mu H2Te, wa teluriyamu, ngodya ndi pafupifupi madigiri 90. Kusukulu timaphunzira madzi poyamba, ndiye timaganiza kuti ndiwo chitsanzo cha banja lonse. Miyezo imanena zosiyana: abale atatu aima pafupi ndi ngodya ya kona ya nyumba, ndipo wopatuka ndi madzi. Amapatukanso pa kuwira, pakuti madzi amawira pa madigiri 100 a kutentha pomwe H2S ndi H2Se amawira kutali pansi pa ziro. Kuti timvetse kuti madzi ndi chinthu chachilendo, panafunika kuyeza abale ake onunkha.

Zaka zotsatira zinali za ntchito yodekha, molekyulu ndi molekyulu. Mu 1966 inayezedwa dimethyl selenide, yomwe ija imene thupi limatulutsa likachulukidwa ndi seleniyamu, mwini wa fungo la adyo. Mtunda wa kaboni ndi seleniyamu unapezeka mapikomita 194 ndipo ngodya madigiri 96, pomwe mwa mbale wake wa sulufule ndi madigiri 99 ndipo mwa wa okosijeni ndi pafupifupi 112. Mizere yake inagawikana chifukwa timagulu tiwiri ta kaboni ndi haidrojeni timapotanso patokha mkati mwa molekyulu, ndipo kugawikako kunauza akatswiri mphamvu imene imatchinga kupota kumeneko. Ku Yunivesite ya Monash ku Australia, Ronald Brown ndi anzake anayeza selenophene, mphete ya maatomu asanu. Ku Japan mu 1970 Takeo, Hirota ndi Morino anatenthetsa SeO2, imene pozizira imakhala unyolo wautali wolimba, mpaka mamolekyulu ake anauluka paokhapaokha, napeza mkono wa mapikomita 161 ndi ngodya ya madigiri pafupifupi 114.

M'zaka zomwezo mbiri ya seleniyamu inasintha kumbali ya zaumoyo. Mu 1957 Klaus Schwarz ndi Calvin Foltz anasonyeza kuti chinthu chimene aliyense ankachiyesa poizoni chabe n'chofunika m'thupi, pang'ono pokha. Mu 1973 zinadziwika kuti seleniyamu ali mkati mwa puloteni yoteteza maselo, glutathione peroxidase, pamalo pomwe munthu akanayembekeza sulufule. Ku Keshan m'dziko la China kusowa kwake kunkathandiza kubweretsa nthenda ya mtima, ndipo dziko la Finland linayamba kumuthira mu feteleza mu 1984. Nkhaniyi imatikhudza ifenso: kafukufuku wa Allan Chilimba ndi anzake wofalitsidwa mu 2011 anasonyeza kuti chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chili ndi seleniyamu wochepa kwambiri, kupatula cha m'nthaka zina monga za kuchigwa cha Shire. Mafunde a rada sangayeze puloteni, ndi yaikulu kwambiri. Koma funso loti thupi limasankhiranji seleniyamu m'malo mwa sulufule limayankhidwa ndi makompyuta owerengera mamolekyulu, ndipo makompyutawo amayesedwa ngati akunena zoona powayerekeza ndi miyezo ya mamolekyulu ang'onoang'ono ngati amene tawatchulawa.

Chotsatira chinali kusaka mamolekyulu osakhalitsa. Mabuku akale ankaphunzitsa kuti maatomu olemera ngati seleniyamu sakonda kugwirana ndi kaboni ndi manja awiri. Akatero, molekyuluyo imagwirana ndi inzake nthawi yomweyo n'kusanduka phala. Akatswiri anapeza njira yoithamangira: ankaotcha mpweya m'chubu chotentha cholumikizana ndi paipi yoyezera, kuti chobadwacho chiyezedwe chisanafe. Mu 1973 gulu la Willis Flygare ku Illinois linagwira CSe. Mu 1978 Harry Kroto ku Sussex, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel mu 1996 chifukwa cha molekyulu ya kaboni yonga mpira, anayeza selenoacetaldehyde pamodzi ndi Hutchinson. Ku Copenhagen gulu la Børge Bak linagwira selenoketene, ndipo mu 1985 Brown, Godfrey ndi McNaughton ku Monash anagwira selenoformaldehyde, imene mtunda wake wa kaboni ndi seleniyamu ndi mapikomita 175. Kufupika kumeneku, kuchoka pa 194 kufika pa 175, ndiwo umboni woti manja awiri agwiranadi. Pa ntchito yotereyi mizere isanu ndi umodzi ija inali ngati mphini za pankhope: pakati pa mizere yambirimbiri ya zinyalala zotuluka m'chubu chotentha, munthu akaona gulu la isanu ndi umodzi, wa 80 utatalika kuposa yonse, ankadziwa kuti seleniyamu alimo.

Flygare yemweyo ndi amene anasintha kagwiridwe konse ka ntchitoyi. Pakati pa 1979 ndi 1981 iye ndi Terrill Balle anapanga chipangizo chimene chimalavula mpweya kudzera pa kabowo kakang'ono kulowa m'chipinda chopanda mpweya, pakati pa magalasi awiri achitsulo. Mpweyawo umazizira kufika pafupi ndi kuzizira komaliza kumene chilengedwe chimalola. Mamolekyulu amamenyedwa ndi mafunde kwa kanthawi kochepetsetsa, kenako chipangizo chimangomvetsera kulira kwawo, monga belu limalirabe utasiya kulimenya. Flygare anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 44 zokha, asanaone kumene chida chake chinafika. Ena anawonjezerapo kuwala kwa leza koswa chinthu cholimba kuti chisanduke nthunzi, ndipo ku Hannover gulu la Jens-Uwe Grabow linayezanso mamolekyulu a seleniyamu ndi silikoni, jemeniyamu, tini ndi mtovu, amene akatswiri a ku Berlin anali atawayeza movutikira m'ng'anjo zotentha m'ma 1960. Ku Nizhny Novgorod m'dziko la Russia, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, anaona kuti H2Se ikazungulira mothamanga kwambiri masitepe ake amasonkhana anayianayi. Ndipo m'zaka za m'ma 2000 Jean-Claude Guillemin ku Rennes ankapanga maselenol, abale a mowa onunkha koopsa ndi ofulumira kuwonongeka, pomwe Harald Møllendal ku Oslo ankawayeza, kufufuza mmene mkono wa seleniyamu ndi haidrojeni umapindikira kuyandikira mbali ina ya molekyulu yomweyo.

Kusintha kwina kwakukulu kunachokera ku Yunivesite ya Virginia, kumene Brooks Pate ndi gulu lake, pofika 2008, anali atapanga chipangizo chosesa mamegahetsi 11,000 m'gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Kupotokola kwa miyezi kwa anthu a m'nthawi ya Strandberg tsopano kumatheka usiku umodzi, ndipo maaisotopu onse a seleniyamu, ngakhale wosowa uja wa 74, amaonekera limodzi pa kompyuta.

Wophunzira amene watsegula buku la kemisitiri lero, akafika pa banja la okosijeni, apeza pambali pa H2Se palembedwa mapikomita 146 ndi madigiri 91. Nambala ziwirizo zinatuluka ku Duke mu 1956, m'manja mwa gulu la Gordy, munthu amene anaphunzira mafunde ake pa rada ya nkhondo, ndipo zida zonse zatsopano zimene zabwera pambuyo pake zangozisuntha pang'ono kwambiri.